Chidulo cha Amake Dolika

Amake Dolika tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, kumudzi kwawo kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe. Anadwala masiku atatu okha, ndipo ife amene tinkawadziwa tikuganiza kuti ngakhale atatuwo anawaona kuchuluka, poti chinthu chochedwa sankagwirizana nacho. Mlaliki pamanda ananena kuti malemuwa anaphikira ana a sukulu yathu zaka zambiri mosanyinyirika. Zoti anaphika ndi zoona. Koma atatchula za kusanyinyirikazo anthu anayang'anana, amayi ena n'kubisa nkhope m'mipango ngakhale panali pamaliro. Ine ndinali ndi mawu anga, koma mlendo wochokera kum'mawa saimirira pamanda a eni dziko kuti alankhule. Ndinangokhala kumbuyo, chipewa m'manja. Mawu amene ndinabwerera nawo ndi amene ndikulembawa.

Amake Dolika ndiwo ankaphika pa sukulu ya mishoni ya atsikana imene ndimaphunzitsapo, chakumtunda kwa Chalimbana. Anali a mtundu wa Asoli, obadwira konkuno, amasiye. Dolikayo anali mwana wawo mmodzi yekha, wokwatiwa kumigodi. Mayiwo anali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo mawu awo ankafika kubwalo la mpira asanawakweze n'komwe. Khitchini yawo inali ya njerwa, yofolera malata, makoma ali bii ndi utsi, ndipo pakhomo pake panali malire. Mwamuna aliyense, kaya mphunzitsi kaya mlaliki, ankathera pamenepo. Ankati mwamuna wosuzumira mumphika amabwera ndi njala kapena ndi malangizo, ndipo ziwiri zonsezo zimapsereza ndiwo.

Chinthu sankachikhulupirira asanachilawe. Ufa, mchere, madzi, ngakhale sopo watsopano, ankaika pang'ono pachikhatho n'kunyambita, kenako n'kuyang'ana kudenga ngati akumvetsera munthu wolankhula patali. Thumba la nyemba ankaliweruza ndi mphuno lisanamasulidwe. Tsiku lina bambo wosunga chakudya cha sukulu anawatumizira nyemba zofumbwa, n'kumaumirira kuti n'zabwinobwino. Amake Dolika sanakangane naye nthawi yaitali. Anasenza thumbalo pamutu, kudutsa bwalo lonse, n'kukakhuthula theka lake patebulo la Adona, mayi wachizungu amene ankayendetsa sukulu. Anankafumbwe anayamba kuyenda pamakalata a boma. Adona anafiira nkhope, koma madzulo omwewo kunabwera nyemba zina.

Mlaliki wathu nayenso anaona zakuda. Anali munthu woti akayamba ulaliki amaiwala kuti dzuwa limayenda. Lamulungu lina chakudya chinapsa, chinazizira, iye ali pa mutu wachitatu. Tinangomva chitsulo choitanira ku chakudya chikulira panja, mwamphamvu, mosalekeza. Mlaliki anatseka Baibulo n'kunena kuti tiyeni tipemphere. Atawadzudzula pambuyo pake, amake Dolika anayankha kuti Mulungu anamva kale pa mutu woyamba, mitu yotsalayo inali ya mlaliki yekha.

Musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Mtsikana watsopano akamalira posowa kwawo, ankamuitana mwaukali kuti adzasankhe nyemba. Ankamukalipira za misozi, za tsitsi losapesa, za zala zaulesi, koma pochoka mwanayo ankapezeka ali ndi mtedza wokazinga m'thumba la diresi, maso ali gwa. Chifundo chawo sankachionetsa poyera, monganso fodya wawo wa m'mphuno amene ankamubisa pampango kuti Adona asaone.

Ine ndinafika pasukulupa nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, ndili ndi tayi yofiira ndi nsapato zolira poyenda. Ndinkadziona ngati munthu. Tsiku loyamba ndikudutsa pakhitchini, anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kufunsa, atsikana onse akumva:

"Ba Ticha, iyo nthambo mwamanga m'khosi, ndani azakukokani?"

Atsikana anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinawada mayi amenewa mwezi wathunthu, ndipo dzina la ba Ticha linandimatirira kuyambira tsiku limenelo.

Nkhani imene ndikufuna kunena inachitika chaka changa choyambacho, m'nyengo ya mvula. Sukulu inali itangotsegula Fomu Wani, atsikana makumi awiri, ndipo anayamba kuphunzira sayansi. Masiku amenewo zoti mwana wamkazi wachikuda agwire botolo la mankhwala m'kalasi ambiri ankaziona ngati kutaya nthawi, azungu ndi ife tomwe. Amene ankawaphunzitsa anali mtsikana wachizungu wa mishoni, koma malungo anamugwira zolimba mpaka anamubweza kwawo. Bokosi la zipangizo limene anaitanitsa linabwera pa lole, loleyo n'kuterereka powoloka kamtsinje. Potsegula tinapeza magalasi okhaokha ndi fungo loboola mphuno. Chinapulumuka ndi buku limodzi lonenepa la kemisitiri.

Lachitatu lina Adona anandiitana. Anandipatsa bukulo, kenako kalata. Woyendera masukulu anali kubwera Lachiwiri lotsatira. Kalatayo inanena mosabisa kuti akapanda kuona phunziro la kemisitiri lochita ndi manja, osati longolemba pabolodi, sayansi ichotsedwa kwa atsikanawo, ndipo maola ake apita ku maphunziro ochapa ndi kusita. Adona anati mwa aphunzitsi onse ine ndiye ndinali ndisanaiwale za kusukulu. Ndinavomera ndi mutu. Ine ndinaphunzira kuphunzitsa masamu ndi jogalafe. Kemisitiri ndinangoinunkhiza.

Nthawi nayo panalibe. Kuyambira m'mawa mpaka belu lomaliza ndinali m'kalasi ndi masamu anga. Masana ndinkayang'anira atsikana kudimba la sukulu. Palafini ankatipatsa wongokwanira kupezera bulangete. Chimene chinali changa linali ola limodzi, kuyambira folo koloko mpaka belu la mapemphero. Kukabwereka zipangizo kwina sikukanatheka, chifukwa mitsinje inali itasefukira, njira ya ku Chalimbana ndi ya ku Lusaka zonse zitaduka. Sindibisa, ndinapemphera kuti madziwo asaphwe msanga, kuti mzunguyo alephere kuwoloka.

Phunziro limene linali pamzere linali la asidi ndi alikali, ndiko kuti zinthu zowawasa ndi zinthu zimene zimathetsa kuwawasako. Buku linkati titenge timapepala tina tosintha mtundu, tiviike apa ndi apo. Timapepalato tinali titasungunuka m'bokosi lija. Ola la Lachitatu ndi la Lachinayi ndinawathera kukopera masamba m'kope ndi kuloweza mayina aataliatali, ngati kuti kulemba kwambiri kubala botolo. Lachisanu mutu unandizungulira. Ndinatenga buku n'kukabisala kuseri kwa khitchini, pakhonde pamene mvula sinkafika, n'kukhala pamtondo wogadabuza.

Amake Dolika anali pomwepo, akuphikira panja chifukwa nkhuni zonyowa zinadzaza utsi m'nyumba. Anandiyang'ana ndi diso limodzi. Mumphika munali lumanda, ndiwo yowawasa ija ena amati chidede, ndipo inali ya masamba ofiira. Madzi ake anali psuu. Ndinkangoyang'ana poti maso anali atatopa ndi zilembo. Kenako anatenga chitini cha chidulo chimene anasefa m'phulusa la zitsononkho, n'kuthira. Pamene chidulocho chinagwera, kufiira kuja kunathawa, madzi n'kusanduka obiriwira modera.

Ndinadzambatuka, buku n'kugwera m'matope.

"Amai, chitaninso!"

"Nichitenso chani? Chokani pa mphika wanga imwe!"

"Madziwo anali ofiira. Mwathira chidulo, asintha."

"Manje mwaona chachilendo? Amai anu kwanu saphika lumanda? Chidulo chipha kuwawasa, basi. Kapena buku yakuzunguzani mutu?"

Amayi anga lumanda ankaphika, koma ine ndinakula ndikudya osati kuyang'ana. Ndinatola buku n'kuwafotokozera zonse: za timapepala tija, za mzungu wobwerayo, za kalata. Ndinkalankhula mothamanga, iwo akutakasa ndiwo ngati sakumva. Nditafika pa zochapa ndi kusita, mthiko unaima.

"Ati baziphunzira kuchapa?"

"Ndi m'mene kalata ikunenera, amai."

"Bana aba banayamba kuchapa matewera ya bang'ono bawo bakalibe kugula mano. Bachoke ku Petauke, bachoke ku Feira, kubwera kuno kuti mzungu abaphunzise kuchapa? Dolika wanga anasiya sukulu mu Sitandade Thu, atate ake ati yakwana. Lelo kalata yake amamubelengela ni mwana wa neba." Anapukuta manja pachitenje. "Mubwere mailo Loweruka masana. Musachedwe."

Apa ndiye ndinachita zopusa. Ndinaganiza kuti munthu wa satifiketi sangayembekeze wophika kuti amuonetse kuwiritsa masamba. Loweruka m'mamawa ndinathyola lumanda kudimba, ndinatunga madzi pachitsime, n'kuwiritsa kunyumba kwanga m'kapoto kachitsulo. Madzi anatuluka akuda, osati ofiira osati obiriwira, ngati madzi otsukira mbale. Ndinathira chidulo chimene ndinapempha kwa mkazi wa mphunzitsi mnzanga, kusintha kwake kosaoneka ngakhale utayandikitsa diso. Ndinayesanso, ndinayesanso, mpaka dzuwa linapendeka. Kukhitchini sindinapite chifukwa cha manyazi. Loweruka, tsiku lokhalo limene ndinali ndi maola ambiri, linapita choncho.

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi ananditsekera njira.

"Dzulo nakuyembekezani monga chitsiru. Munali kuti?"

Ndinawatengera pambali n'kutulutsa botolo la madzi akuda aja m'thumba la jekete. Anadonthetsa pachikhatho, kunyambita, kuyang'ana kumwamba, n'kulavula.

"Manzi ya pa chisime. Na poto ya nsimbi." Anapukusa mutu. "Ba Ticha, aya manzi na nyemba sizipsa, zingokhala monga miyala. Muganiza dilamu ya mvula naisungila maluwa?"

Zinali zoona. Kuseri kwa khitchini kunali mgolo wolandira madzi a padenga, ndipo mtsikana wopezeka akutungamo osambira ankaona zoopsa. Ine ndinkayesa n'kuuma mtima chabe. Sindinkadziwa kuti madzi a m'zitsime zathu zino amadutsa m'miyala ya laimu, ndipo anali atandiwonongera mtundu ndisanathire kanthu. Bukulo linali nazo zimenezi patsamba lina kutsogolo. Amake Dolika anali nazo palilime.

Tsono linali Lamulungu, ndipo lamulo la mishoni silinkalola kugwira ntchito kapena kutsegula buku la sukulu pa tsiku limeneli. Ndinawakumbutsa zimenezo ndi mawu ofooka. Anandiyang'ana ngati mwana wosachedwa kulira.

"Lamulo ikamba kuti bana basadye pa Sondo? Lelo niphika lumanda. Ngati munthu aimilila pafupi, ni mulandu wake."

Sindinaonepo lumanda yophikidwa mochedwa ngati ya tsiku limenelo. Malire awo sanawaswe, m'khitchini sindinalowe. Anatulutsa mafuwa panja, n'kuwiritsa masamba ofiira m'mphika wadothi ndi madzi a mumgolo. Anasefa pansalu yoyera, madzi n'kutuluka ofiira owala. Mabotolo a jamu anali atawapempha kale kwa wophikira Adona, atawatsuka. Tinagawa madzi ofiirawo m'mabotolomo. M'limodzi tinafinyira ndimu, madzi n'kuwala kwambiri. M'lina tinathira munkoyo wogona, thobwa lowawasa la kuno, chimodzimodzi. M'lina chidulo, obiriwira. M'lina madzi a sopo, obiriwiranso koma pang'ono. Kenako anandiuza kuti ndifinyire ndimu m'botolo la chidulo lija pang'onopang'ono, ndipo kufiira kunabwerera ndikuona ndi maso angawa. Ndinafuna kuvina, koma ndinakumbukira kuti linali Sabata.

Ndinati basi ndadziwa. Anakana. Anandichititsa katatu ndi manja anga, kuyambira kuthyola masamba mpaka kutsuka mabotolo, iwo atapinda manja. Ankati chinthu chimene chatheka kamodzi chachita kukuchitikira, sunachichite ndiwe. Ulendo wachiwiri ndinathira chidulo chambiri nthawi imodzi, anandimenya padzanja ndi chikombe pamaso pa atsikana awiri amene ankatunga madzi. Atsikana onse a sukulu anadya lumanda masana, madzulo anadyanso lumanda, ndipo palibe anayerekeza kufunsa chifukwa.

Lolemba ola langa lija tinalithera kuwotcha zitsononkho ndi kusefa chidulo chokwanira kalasi yonse, atsikana a Fomu Wani akuthandiza. Madzulo omwewo mitsinje inaphwa. Pemphero langa la mantha lija silinamveke, ndipo ndikuthokoza.

Woyendera masukulu anafika Lachiwiri, mzungu wamtali wa kabudula, mawondo ofiira ndi dzuwa. Anakhala kumbuyo ndi kope lake, nkhope yosonyeza kuti analemba kale zimene adzanene. Atsikana anakhala awiriawiri, gulu lililonse ndi mabotolo ake. Manja anga anali oti achita kale katatu, ndiye anadziyendera okha. Nditawauza kuti athire chidulo, m'kalasi munangomveka "Eee!" wa pakamwa makumi awiri. Mtsikana wina wamanyazi, Esinati, amene chifikire pasukulupa anali asanakwezepo dzanja, anaimirira n'kunena m'Chingerezi chake chodukaduka kuti ndiye chifukwa chake amayi ake amathira chidulo mu lumanda, kuti alikali athetse asidi. Mzungu uja anasiya kulemba. Anabwera kutsogolo, anatenga botolo, anafinyiramo ndimu yekha, n'kuliyang'anitsitsa pawindo ngati mwana.

Kenako anandifunsa kuti njira imeneyi ndinaipeza m'buku liti. Pawindo lomwelo ndinkaona utsi ukutuluka kukhitchini. Ndinayankha kuti sindinaipeze m'buku, ndinaiganiza ndekha. Mawuwo anatuluka mosavuta ngati malovu. Mzungu anandigwira chanza n'kulemba dzina langa. Nditatembenuka, atsikana onse anali atazyolika, akuyang'ana madesiki awo. Iwo anali atasefa chidulocho dzulo lake ndi amake Dolika, eni nzeruyo.

Sayansi sinachotsedwe. Adona anandiyamika pamaso pa aphunzitsi onse. Koma nkhani inafika kukhitchini mbale zisanatsukidwe, ndipo ndinayembekeza kuti mawu aja ofika kubwalo la mpira andigwera. Sanandigwere. M'mawa mwake ndikudutsa, amake Dolika anapinda mawondo pang'ono n'kunena mwaulemu wonse, "Mwauka bwanji, aPhunzitsi." Za tayi sananene, za nsapato sananene, dzina la ba Ticha linatha. Milungu iwiri anandipatsa ulemu umenewo tsiku ndi tsiku, ndipo sindinalangidwepo mowawa chotero chibadwire.

Pomaliza ndinagwira nkhuku yanga yaikazi, ndinapita kuseri kwa khitchini, ndinanjuta pansi ndi tayi yanga yomweyo n'kuomba m'manja. Anali pampando wawo, lichero la nyemba pamiyendo. Anandisiya ndiombe kwa kanthawi.

"Amai, ndinalakwa. Ndinaba nzeru zanu pamaso pa mzungu."

"Nkhuku bwezani, iikile mazila. Dzina yanga mu buku ya mzungu nizachita nayo chani? Sinibelenga." Anataya kamwala kuchokera m'nyemba. "Chinanibaba mtima ni bana. Baona ticha wao anama, maso yali mbee. Mailo bazakhulupilila chani mukabauza vina?"

Ndinalonjeza kuti ndikalankhula nawo, ndipo m'mawa mwake ndinaima pamaso pa kalasi n'kunena kuti ndinanama. Sizinali zokoma, koma zinatha msanga. Chovuta chinali chachiwiri chimene anapempha ndisanadzuke pansi paja.

"Manje nilipileni. Ine nathila chidulo mu lumanda kuchokela nili kamtsikana. Niziba kuti isintha. Palibe ananiuzapo chifukwa chake. Imwe muli na buku. Niuzeni."

Ndinayamba monyadira, mawu a m'buku akutsatizana. Anakweza dzanja.

"Chizungu siyani panja. Nikambileni monga munthu."

Ndinayesa kumasulira mawu a m'bukuwo m'chinenero chathu, koma anandikanika. Pamenepo ndinazindikira kuti mzungu ndinamupusitsa, atsikana ndinawaonetsa zodabwitsa, koma chifukwa chake inenso sindinkachidziwa. Ndinali nditangoloweza. Ndinabwerera ku buku masana atatu, tsopano ndikuwerenga ngati munthu amene akafunsidwa. Tsiku lachinayi ndinawauza kuti muli zinthu ziwiri zosakhalira pamodzi, chowawasa ndi choterera ngati sopo, ndipo zikakumana zimathetsana mphamvu, chotsala n'kukhala madzi ndi mtundu wina wa mchere. Kufiira kwa tsamba kuli ngati mboni, kumangoonetsa amene wachuluka mumphika. Anayang'ana kudenga monga ankachitira polawa.

"Ndiye ngati dzanja yaphonya, chidulo chachuluka, ndiwo yaterera, ndimu ingaipulumuse?"

"Ingaipulumutse, amai."

"Zaka zonse izi nenzotaya ndiwo!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Ba Ticha, kanshi buku yanu si yopusa kwambiri."

Dzina langa linabwerera tsiku limenelo, ndipo ndinapita kunyumba mtima uli mbee.

Kuyambira pamenepo phunziro lililonse la kemisitiri linkayamba ladutsa kwa iwo. Belu la folo likalira ndinkapita kukhonde kuja, iwo akusankha nyemba kapena kusenda maungu, ine pamtondo, n'kuwauza zimene ndikaphunzitse mawa: chifukwa chake khasu limachita dzimbiri likagona pamame, chifukwa chake kandulo imazima ukaivundikira ndi botolo, chimene chimachitika mafuta akakumana ndi phulusa popanga sopo. Ndikazembera pamawu aakulu ankangoti, "Sininamve. Kambaninso." Ndikabwereza zomwezo mokweza ankati iwo si ogontha, wosamva ndi ineyo. Nthawi zina ndinkapsa mtima n'kuchoka, koma ndinkapeza kuti pamene iwo akanira ndi pomwe inenso sindikumvetsa. Kukopera masamba ndinasiya. Ola limodzi lija, limene ndinkalilira kuti n'lochepa, linayamba kukwana.

Sikuti ankalondola nthawi zonse. Tsiku limene ndinawauza kuti madzi ndi mipweya iwiri yophatikizana, anaika lichero pansi n'kundiyang'ana mwachisoni. Anati ndiwaonetse. Zipangizo zoonetsera tinalibe, ndipo mpaka lero tilibe. Ndinajambula pansi ndi kamtengo, ndinalumbira, ndinabweretsa buku kuti aone chithunzi. Anati pepala limavomera chilichonse. Mkangano umenewo tinakhala nawo zaka zinayi, ndipo ankauza atsikana poyera kuti ba Ticha amanena zoona masiku ano, kupatula nkhani ya madzi ija. Apita osandikhulupirira.

Adona ndinawauza zoona zake, koma lipoti linali litapita kale, ndipo m'maofesi a boma njira ya lumanda ili m'dzina langa. Atsikana a kalasi ija ena akuphunzira unamwino, ena uphunzitsi. Esinati anabwera kumaliro pa lole ya chimanga, atavala nsapato zoyera za kuchipatala, ndipo analira kuposa achibale. Anthu a m'mudzi ankafunsana kuti ndi mwana wa ndani. Ndikanakhala ndi mpata wolankhula pamanda paja ndikanawauza kuti mwanayo akanakhala akusita malaya a azungu ku Lusaka, pakanapanda mayi wosadziwa kulemba dzina lake amene anaphika ndiwo imodzi tsiku lonse la Sabata. Inenso ndikanakhala mphunzitsi wa mawu oloweza mpaka ukalamba. Ndimawathokoza, ndipo ndikudandaula kuti ali moyo sindinawauze bwinobwino, poopa kuti andiseka.

Dzulo belu la folo litalira, miyendo inanditengera kuseri kwa khitchini ndisanaganize. Kwabwera wophika watsopano, mayi wachitsikana waulemu kwambiri. Anandipatsa moni, ndipo poti ndinali nditafika kale, ndinayamba kumuuza phunziro la mawa, la mchere umene umatsala madzi akauma. Ndinalankhula mosokoneza, ndikudzimva ndekha kuti pakati penipeni ndalumpha. Iye anamwetulira n'kunena kuti, "Inde aPhunzitsi, namva." Kenako anapepesa n'kulowa kukasonkheza moto.

Ndinatsala ndekha pakhondepo. Mpando wawo achibale anatenga. Pakhoma patsala chibanga chakuda chosalala pamene msana wawo unkatsamira, chofika m'chiuno mwanga basi, ndipo pansi pali timaenje tiwiri m'dothi pamene zidendene zinkakhala. Pasesedwa bwino, palibe khoko la nyemba ngakhale limodzi, moti nkhuku zinabwera, kuyang'anayang'ana, n'kubwerera. Ndinakhala pamenepo mpaka belu la mapemphero. Mawa ndikalowa m'kalasi ndi phunziro limene palibe walikana, ndipo ndili ndi mantha.